Matope a ku Bua

Amuna anga anakumba damu la nsomba kuseri kwa nyumba yathu, m'mudzi woti ukaima pakhonde nyanja ukuiona. Anthu anaseka mpaka nthiti kuwawa. Ankati munthu wamutu wake angakumbe bwanji kanyanja kakekake, nyanja yeniyeni ili pamphuno. Inenso ndinasekako, ndisaname. Koma chifuwa chinali chitawaletsa kupita panyanja, bwato anali atagulitsa, ndipo sanali munthu wokhala manja lende. Anamva pa wailesi kuti nsomba amaweta ngati nkhuku, basi anatola khasu ndi fosholo. Anakumba chilimwe chonse okhaokha, akutsokomola, ine ndili pambuyo kuwalalatira kuti adzafera m'dzenjemo.

Sanafere m'dzenje. Anafera kuchipatala ku boma, mvula yoyamba itangogwa, damu lisanadzaze n'komwe.

Kwa ife Asilamu, mkazi akaferedwa mwamuna amakhala eda. Ndi miyezi inayi ndi masiku khumi uli pakhomo, osadzola, osavala zokongola, osayenda mtunda, osaonekera kwa amuna. Masiku oyamba sudziwa kuti uli wekha, chifukwa anthu amakhala ali yakaliyakali pabwalo. Koma itatha sadaka ya arubaini, ya tsiku la makumi anayi ija, mphasa zinapindidwa, miphika yobwereka inabwerera kwa eni ake, ndipo mwana wathu mmodzi yekhayo anabwerera kwa mwamuna wake ku Dwangwa. Ndinatsala ndi nkhuku.

Chinali chaka chija tinkayembekezera kuvota koyamba zipani zili zambiri. Malole ankadutsa kumsewu atadzaza anthu oimba, azimayi atavala nsalu zatsopano, ndipo mudzi wathu wonse, pakati pa mtsinje wa Bua ndi Liwaladzi, unali ndi kopita tsiku lililonse. Ine ndinkangomva phokoso likubwera patali, likudutsa, kenako zii.

Tsiku la sadakalo alamu anga, akulu awo a malemu, anaima kunja kwa mpanda n'kundiuza zinthu ziwiri. Choyamba, eda ikatha achimwene anga adzabwera kudzanditenga ndibwerere kwathu ku Dwambazi, popeza ndinabwera chitengwa ndipo malowo anali a mbumba yawo. Izi sizinandidabwitse, ndi momwe zimakhalira. Chachiwiri, dzenje lija adzaligumula kuti awokepo mpunga, chifukwa anali madzi akufa, ongoswa udzudzu. Apa ndiye mtima unandiwira. Munthu wakumba chilimwe chonse ndi chifuwa chake, inu mudzagumule m'mawa umodzi?

Ndinafunsa ndili mkati mwa mpanda, "Nanga likakhala ndi moyo?"

"Likakhala ndi moyo tidzalisiya, alamu," anatero. "Koma kalioneni nokha."

Sananame. Madzi ake anali psuu, ngati tiyi wamkaka wosunga tsiku lonse m'kapu. Munalibe chule, munalibe udzu, ngakhale mbalame sinkateramo. M'mbali mwake munali dothi lamtapo losalala, ndipo mvula iliyonse inkalisungunulira m'madzi. Malemu ankati nsomba suika m'damu madzi asanabiriwire, achule asanaikiremo mazira. Ankati damu latsopano lili ngati nyumba yosazira, liyenera kuyamba lazolowera kukhalidwa. Nthawi imeneyo ndinkangowayankha kuti chabwino, adokotala a nsomba.

Ndinachita zomwe ndinkakumbukira. Ndikaswali subuhi, pemphero la m'bandakucha, anthu asanayambe kudutsa m'njira, ndinkafunda nsalu n'kutuluka kuseri. Ndinasesa zitosi m'khola, ndinazimanga m'thumba n'kuliviika pakona. Ndinazula kapinga pabwalo n'kumubzala m'mbali ndi kamtengo, kuti dothi lisamagumuke. Ndinawokanso ana a nthochi kumtunda kwake. Kapinga anagwira pena, pena anakana. Madzi okha ndiye kakasi, ofiira chifiirire. Masiku ena ndinkaima pamenepo n'kumalilalatira damulo momwe ndinkalalatira mwini wake, ndipo nalonso silinkayankha.

Ramadhani inandipeza mkati mwa eda. Kusala sikunandivute, chifukwa chakudya sichinkalowa n'kale. Chovuta chinali futari, chakudya chomasulira kusala. Dzuwa likalowa ndinkapezeka ndatsuka makapu awiri, n'kubweza imodzi pathandala. Akazi a alamu ankatumiza phala la mpunga, koma iwo eni ankabwera mwa apo ndi apo, nawonso anali ndi munda ndi misonkhano. Sindikuwadandaula. Ndikungonena kuti ndinasungulumwa kwambiri, mpaka ndinkafuna ngakhale munthu woti ndikangane naye.

Ndiye inafika nthawi yowokera mpunga. Njira yochokera kudambo la cha ku Bua inkadutsa m'mbali mwenimweni mwa damu. Azimayi akamaweruka masana, matope akuda ali mpaka m'maondo, anaona kuti apeza posambira paulere. Ankatsuka miyendo, makasu, mabeseni, ena mpaka kutayiramo mbande zotsala. Koma abale! Ine ndili kuseri kwa mpanda, diso pampata wa udzu, ndikupsa mtima ngati ndiphulike. Damu la amuna anga alisandutsa bafa? Kukuwa sindikanatha, mkazi wa pa eda sakweza mawu kuti njira yonse imve. Ndinkangong'ung'udza ndekha, kuwatchula mmodzimmodzi ndi azigogo awo omwe.

Koma tsiku lina mvula inawachedwetsa, ndipo ndinadzipeza ndakhala kale pampata paja, ndikuwadikira. Miseche yawo ndiye inali alendo anga. Ndinadziwa amene wakwatira mitala mobisa, amene mpunga wake wakokoloka, ndi mayi wina amene analandira nsalu ku zipani ziwiri n'kumasinthira kuseri kwa chulu malinga ndi lole yomwe yabwera. Ndinkaseka nditagwira pakamwa. Iwo sankadziwa kuti ndilipo.

M'mawa wina ndinazungulira damu lonse, ndipo nditafika mbali ya kunjira ndinaima. Pamene ankapondaponda azimayi aja panali patamera timaudzu tosongoka ta mlulu, ndi timasamba tozungulira toyandama, tating'ono ngati chikhadabo. Pansi pake panali tinkhono, ndi tizilombo tothamanga pamwamba pa madzi. Mbali yanga, imene ndinkaisamala ndi thumba langa la zitosi, inali mbee. Ndinagwada n'kutapa matope a pamenepo. Anali akuda, onunkha dambo, osiyana ndi mtapo wathu wofiira. Zomera zonsezo zinabwera m'miyendo mwa anthu amene ndinkawatukwana chamumtima.

Vuto linali loti kuwoka kunali kukutha, ndipo azimayi anayamba kuchepa. Ine ku Bua sindikanapita kukatapa matope ndekha. Panali mayi mmodzi amene ankabwera pambuyo nthawi zonse, anzake atapita kale. Anali mlendo m'mudzimo, mayankhulidwe ake a kumpoto, mwamuna wake wodula nzimbe ku Dwangwa. Palibe ankamudikira. Ankasamba mwakachetechete, n'kukhala pang'ono pamtunda akuyang'ana madzi. Ndinamuitana chapansipansi kudzera pampata, ndipo anadzidzimuka mpaka beseni linagwa.

"Achemwali, mawa munganditengereko matope? A pamene pamamera kakombo."

Anayang'ana mpanda, anayang'ana damu. Ndinkayembekeza kuti afunsa ngati maliro andisokoneza mutu. Anangofunsa kuti ndikufuna a pamwamba kapena a pansi pomwe pali mizu.

M'mawa mwake anabwera atasenza chidebe, madzi akuda akutsikira m'khosi. Munali matope, mizu ya kakombo yonenepa ngati mbatata, ndi zitsa za bango ndi gumbwa zimene sindinamutume. Njira itakhala phee ndinatuluka, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinalowa m'damu la amuna anga. Madzi anali ofunda pamwamba, ozizira kumapazi. Iye ankandipatsira mizu, ine ndikuikankhira pansi ndi chidendene. Bango tinamuika pakona yomwe inkagumuka. Sitinayankhule zambiri. Anandiuza kuti mwamuna wake amabwera pakutha pa mwezi, mwezi wina osabwera. Ine ndinamuuza kuti amene anakumba pano anali munthu wamakani. Anabweranso ndi chidebe kangapo. Kenako anangosiya, ndipo ndinamva kwa akazi a alamu kuti mwamuna wake wamutenga kukakhala kumakomboni a nzimbe. Sitinatsanzikane.

Damu linasintha pang'onopang'ono, mosaonetsa tsiku. Kufiira kuja kunakhazikika pansi, madzi anayamba kubiriwira. M'mbali munaoneka mazira a achule, kenako ambululu ali nyakanyaka pomwe pali posaya. Atombolombo ofiira ankatera pansonga za mlulu. Nkhanu zinaboola maenje m'khoma, ndipo ndinazikalipira, komabe ndinakondwa. Ndinaonanso timatemba tikuthwanima pansi pa masamba, toti palibe anatiikamo, kaya tinabwera m'chidebe chija. Kakombo woyamba atatsegula duwa lake, ndinathamangira kunyumba kuti ndikauze munthu, ndipo ndinakumbukira ndili pakhomo kuti mulibe munthu.

Eda itatsala pang'ono kutha, alamu anabwera ndi khasu paphewa. Ndinawaona pampata. Kakowa amene anali ataima m'bango anauluka, achule anadumphira m'madzi chubwi chubwi. Alamu anayang'ana damu lonse, kenako anatsitsa khasu n'kulitsamira.

"Mng'ono wanga sanali wamisala," anatero, osatembenukira kumpanda. "Ndikaonana ndi alangizi, atipezere mbewu ya makumba."

Ndinasangalala kwambiri. Koma chimwemwecho sichinakhalitse. Nsomba zimenezo ndinali woti sindidzaziona. Ndinalipulumutsa damu kuti litsale, ndipo wochoka ndinali ine.

Tsiku lotuluka eda ndinasamba, ndinadzola, ndinavala nsalu yatsopano monga mwa mwambo. Achimwene anali atamanga kale katundu wanga panjinga kuti tikadikire matola kumsewu. Ndinawauza kuti andidikire pang'ono. Ndinapita kuseri, ndinakwinya nsalu, n'kulowa m'damu mbali ya kunjira mpaka matope anafika m'maondo. Nditatuluka achimwene anangogwira m'chiuno, akuti mkazi wamkulu ngati ine ndiyenda bwanji choncho pa anthu, ndikasambe msanga. Ndinawayankha kuti miyendo ndi yanga.

Pa matola anthu ankandiyang'ana kumapazi, matope atauma n'kuyamba kung'ambika. Mayi wina anasunthira kutali ndi nsalu yake yachipani. Sindinasamale.

Titafika ku Dwambazi, mng'ono wanga anathamanga ndi beseni la madzi ofunda, akuti achemwali mwayenda bwanji chonchi. Ndinamuuza kuti asavutike, angondilozera pomwe madzi amaima kudimba. Anandiperekeza akudabwa. Sipanali damu pamenepo, kanali kachithaphwi chabe komwera mbuzi, kopanda udzu m'mbali. Ndinamuuza abwerere. Ndinakhala pansi, ndinaviika miyendo, n'kuyamba kusungunula matope aja pang'onopang'ono ndi zala kuti onse atsalire m'madzimo. Ndinawalira amuna anga pamenepo mpaka miyendo inayera.