Chipolopolo Chimene Ndinawasankhira Bambo

Ndinali ndi zaka khumi ndi ziwiri pamene bambo anga anasiya kusaka nyama, ndipo anasiya chifukwa cha ine.

Tinkakhala ku Edmonton, dera la kumpoto kwa London, m'fulati ya m'mwamba imene mawindo ake ankanjenjemera basi ikamadutsa. Mayi anali namwino pachipatala chachikulu cha m'dera lathu, ndipo bambo ankagwira ntchito yokankha mabedi a odwala pachipatala chomwecho. Asanabwere kuno, bambo anakhala zaka zambiri ali mlonda wa nyama m'nkhalango ina ya boma kwathu ku Malawi. Ankati akangoona phazi pansi, ankadziwa kuti yadutsa ndi nyama yanji ndiponso kuti yadutsa liti. Ku London palibe amene ankawafunsa zimenezo.

Atavutika zaka zingapo ndi mafomu, apolisi atabwera kudzagwedeza kabati yachitsulo imene anaikhomera m'chipinda chawo, anapatsidwa laisensi ya mfuti imodzi. Mlimi wina wachizungu, wokhala kunja kwa mzinda, anawalola kuti azimuphera ankhandwe ndi tiagwape ting'onoting'ono, tamsinkhu wa galu, timene tinkamuthera mbewu. Loweruka lililonse losagwa pa shifiti ankapita kumeneko, n'kubwerako akununkha matope ndi masamba ovunda, akuimba. Masiku enawo sindinkawamva akuimba.

Kenaka mlimi uja anawauza kuti kwabwera agwape amtundu wina, aakuluakulu, amene bambo ankawatcha mbawala. Ankadya mitengo imene mlimiyo anali atangobzala, ndipo iye ankafuna kuti achepetsedwe mwezi womwewo, apo ayi aitana munthu wina.

Apa m'pamene nkhani ya zipolopolo inalowa m'nyumba mwathu. Bambo ankafuna mtundu umene anauzolowera kunkhalango, wa chigoba chowongoka ngati chala, chipolopolo chake cholemera, chosapita patali koma chogwetsa nyama pomwepo. Ankati n'choyenera malo oyandikana ndi nyumba za anthu. Koma wogulitsa mfuti anawauza kuti mtundu umenewo ndi wosowa kuno, ndipo mfuti yatsopano iliyonse imafuna chilolezo chatsopano, chimene chikanatenga miyezi. Mfuti imene anali nayo inkadya tizipolopolo tating'ono, takhosi ngati botolo. Funso linali limodzi: kodi lamulo limalola kuombera mbawala ndi tizipolopolo timeneto?

Wogulitsayo anawapatsa kabuku ka malamulo. Bambo ankalankhula Chingelezi bwinobwino, koma sukulu analekeza Sitandade 6, ndipo Chingelezi cha malamulo chinkawazunguza mutu. Mayi anali atanena kalekale kuti za mfuti asawalowetsemo. Ndiye panatsala ine, amene ndinkawerenga makalata onse a khonsolo, a magetsi ndi a kusukulu kuyambira ndili ndi zaka zisanu ndi zitatu.

Linali Lamlungu masana. Anzanga awiri ankandidikira pansi kuti tipite ku Peckham kukalukitsa tsitsi, ndipo foni inali kulira m'thumba mwanga. Bambo anaika kabuku patebulo, pambali pake n'kuimikapo chigoba chimodzi chopanda kanthu.

"Tadala, tandiwerengera apa. Aka n'kololedwa?"

Ndinatsegula nditaimirira. Ndinaona mndandanda wa manambala, ndinapeza nambala yofanana ndi ya pachigoba chija, ndinaona mawu oti agwape pafupi pake. M'munsimo munali mizere ina yolembedwa ting'onoting'ono. Sindinaiwerenge. Ndinawayankha m'Chingelezi, monga ndinkachitira nthawi zonse, kuti inde, n'kololedwa.

"Ngakhale kwa zazikulu zija?" Anatenga chigobacho n'kuchitembenuza m'zala. "Kakundichepera ine aka."

"Alemba choncho, adadi. Ndachedwa."

Ndinatsika masitepe ndikuthamanga. Ndili m'basi ndinakumbukira timizere tija, ndipo ndinadziuza kuti ndikawerenga ndikabwerako. Nditabwerako mutu unali kuwawa ndi malukidwe, ndiye ndinagona. Mlungu wonse kabukuko kanali pamwamba pa firiji, ndikukaona tsiku lililonse.

Loweruka bambo anati ndipite nawo. Aka kanali koyamba. Anati munthu amene wawathandiza kusankha ayenera kukaona yekha ntchito ya bambo ake. M'galimoto anali osangalala, akundifotokozera mmene munthu amayendera mphepo ikumuomba kumaso kuti nyama isamununkhize. Kawiri konse ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kuti sindinamalize kuwerenga. Koma anali asanayankhulepo nane motalika chotero, ndipo sindinafune kuti asiye.

Tinafika dzuwa likutuluka. Udzu unali woyera ndi chisanu, ukulira pansi pa nsapato. Anandikhazika kumbuyo kwawo m'mphepete mwa mitengo, tinadikira mpaka zala zanga zinachita dzanzi. Kenaka zinatulukira mbawala zinayi. Bambo anasankha yaikazi imene inali payokha, anapuma mpweya pang'onopang'ono, n'kuomba.

Mbawala ija inadumpha, inagwada ndi miyendo yakutsogolo, kenaka inadzuka n'kulowa m'thengo.

Bambo anatsitsa mfuti. Atapita pamene inaima, anapeza timadontho tochepa ta magazi. Tinaitsata mmawa wonse, iwo atawerama, akuloza tsamba lopindika apa, dontho apo. Ndinaona ndi maso anga kuti zonse zimene ankanena za luso lawo zinali zoona, ndipo ndinaziona pa tsiku loipitsitsa. Magazi atasowa pakamtsinje, anaimbira foni mlimi uja, iye n'kuitana mlenje wina wa m'deralo amene anali ndi galu.

Galuyo anaipeza dzuwa litapendeka, ili m'ngalande pafupi ndi mpanda. Inali idakali moyo. Inkapuma movutikira, thovu lofiira likutuluka m'mphuno, diso lake likutitsata. Mlenje uja anaimaliza ndi mfuti yake. Kenaka anayang'ana bala, anayang'ana mfuti ya bambo, n'kufunsa kuti anaiombera ndi chipolopolo chanji. Bambo anatulutsa chipolopolo m'thumba n'kumuonetsa.

Munthuyo sanakalipe. Anangonena, pamaso pa mlimi ndi pamaso panga, kuti chipolopolo chimenecho lamulo limachilola pa tiagwape tating'ono tokha, ndipo aliyense wogwira mfuti amayenera kudziwa zimenezo. Analankhula pang'onopang'ono, mmene anthu ena kuno amalankhulira akaganiza kuti sukumva Chingelezi.

Ndinadikira kuti bambo anditembenukire. Sanatero.

"Ndinawerenga molakwika," anatero. "Kulakwa ndi kwanga."

Mlimi anati asadzabwerenso. Ulendo wobwerera tinayenda magazi atauma pamaondo a buluku lawo. Mlungu wotsatira bambo anakapereka okha mfuti ndi laisensi kupolisi, asanaitanidwe ndi aliyense. Kabati yachitsulo anaizula, pakhoma panatsala mabowo anayi amene mayi anawabisa ndi kalendala ya kutchalitchi.

Panapita mwezi ndisanalimbe mtima. Ndinawapeza bambo akutsuka mbale, ndinaima pakhomo la khitchini n'kunena m'Chichewa changa chopindikapindika kuti sindinawerenge timizere ta m'munsi. Sanatseke mpopi.

"Ndinadziwa tili m'ngalande muja," anatero. "Pita ukalembe homuweki."

Sanandimenye, sanandikalipire, ndipo sanawauze mayi mpaka lero. Chimene anachita n'chakuti sanandipatsenso pepala lililonse kuti ndiwawerengere. Makalata ankawasunga m'thumba la jekete mpaka Lamlungu, n'kukapatsa mkulu wina wa ku Zambia kutchalitchi kwathu. Ndinkawaona awiriwo ataima pakona mapemphero atatha, mlendo akuwawerengera bambo anga za nyumba yathu, ine ndili potero.

Tsopano ndili ndi ana anga awiri. Bambo anakalamba, maso saonanso bwino, ndipo makalata amene amalandira masiku ano ndi a kuchipatala. Ndikapita kukawaona amandilandira bwino, amaseka ndi adzukulu awo, koma envulopu ikakhala patebulo amaikankhira pansi pa nyuzipepala.

Kwa zaka zambiri ndinkaganiza kuti phunziro lake linali lophweka: ukafunsidwa chinthu chimene sunachione bwino, nena kuti sukudziwa. Limenelo ndinaligwira, ndipo kuntchito amandiseka kuti ndimawerenga ngakhale zolembedwa kuseri kwa risiti. Koma mwana wanga wamkulu atakwanitsa zaka khumi ndi ziwiri, ndinamuyang'ana akulimbana ndi zingwe za nsapato, ndipo ndinawapsera mtima bambo mwa njira imene sindinaiyembekezere. Bambo anali mlenje wa zaka zambiri. Zala zawo zinawauza kuti chipolopolocho n'chaching'ono. Akanatha kubwerera kwa wogulitsa uja n'kufunsa, koma zimenezo zikanafuna kuvomera pamaso pa mzungu kuti kabukuko kawakanika. Anasankha kufunsa mwana, chifukwa pamaso pa mwana panalibe manyazi, ndiponso chifukwa ankafuna kumva inde.

Tinalakwa tonse awiri. Iwo anavomera kulakwa kwanga ngati kwawo pamaso pa alendo, ndipo pa chimenecho ndimawalemekeza. Koma kulakwa kwawo kwenikweni sanakutchulepo, ndipo ine ndakhala ndikulipira mbali zonse ziwiri. Ndikudziwa tsopano kuti sadzakutchula. Ndimapitabe Lamlungu lililonse, ndi ana, n'kukhala nawo patebulo lomwe lija.