Benchi la Pafupi ndi Khomo

Mayi Aleyamma Puthenpura, amene tawaika m'manda mwezi wathawu, anabadwira m'banja la ogwira ntchito m'minda ya labala kumtunda kwa parishi yathu ya Sebastiano Woyera. Korona anaidziwa asanadziwe kuwerenga. Kuyambira utsikana wawo, malo awo pa Misa ya m'mawa anali amodzi: pamphasa ya kutsogolo, mbali ya azimayi.

Mwana wawo atachira tayifodi, anawinda kuti chaka chilichonse aziphikira mpingo payasam, phala la mpunga, mkaka ndi shuga, pa chikondwerero cha Sebastiano. Chowindacho anachisunga zaka makumi atatu. Wophika amalawa, ndipo iwo ankalawa ndi mtima wonse. Thupi linakula, matenda a shuga analowa, maondo anayamba kukana kugwada.

Madokotala anawachita opaleshoni yochepetsa chifu, nawachenjeza kuti zotsekemera, mkaka ndi zamafuta zizidzawatsegula m'mimba. Anamvera miyezi isanu. Koma pa chikondwerero, Bambo Mfumu atadalitsa mphika, anapatsa wophikayo chikho choyamba monga mwa mwambo, ndipo kwathu kuno chodalitsidwa sichikanidwa.

"Amayi, za adokotala zija mwaiwala?" ananong'ona mpongozi wawo, Jincy.

"Iwe, dokotala ndi Sebastiano wamkulu ndani?" Anamwa chonse.

Mdipiti wa chikondwererocho usanafike pa mtanda wa kumsika, m'mimba munawapota, thukuta lili kamukamu. Chimbudzi chinali chimodzi, kuseri kwa nyumba ya ansembe, chokiya. Sanafikeko n'komwe. Anali atavala zoyera zokhazokha, ndipo mpingo wonse unaona.

Kwa masabata asanu ndi limodzi sanaponde kutchalitchi. Manyazi anawapweteka kuposa bala la opaleshoni. Belu likalira ankatseka zenera, poganiza kuti za Misa ndi iwo zatha. Tsiku lina Jincy anatopa nazo.

"Amayi, zovala zija ndinachapa kalekale, zinayera mbee. Ndiye Mulungu akudikireni mpaka liti?"

Anabwerera kwa dokotala, ndipo ulendo uno anamvetsera. Anayamba kudya pang'onopang'ono kasanu ndi kamodzi pa tsiku, nsomba yowiritsa, dzira, nthochi. Madzi sankamwera pa chakudya, ankadikira theka la ola. M'mimba mukavuta ankapsontha madzi a mpunga othira kamchere kuti thupi lisaume. Tiyi wa mkaka anamusiya akudandaula, ndipo sanabise. Atabwerera ku Misa anasiya mphasa yawo ija n'kukakhala pa benchi la kumbuyo, pafupi ndi khomo.

Ali kumbuyoko ndi pamene anaona amene akusowa. Anawayendera m'makomo. Mayi Kochuthresia, amene ankatsogolera nyimbo kale, anawauza chilungamo: mkodzo sunkawadikiranso. Enanso analipo. Mayi Aleyamma anapita ku msonkhano wa akuluakulu a parishi, kumene nkhani inali yokweza nsanja ya belu.

"Bambo, belulo likuitana ndani? Azimayi asanu ndi awiri akupemphera kunyumba chifukwa cha chimbudzi. Iwo sanganene. Ine ndinadziipitsira pamaso panu nonse, manyazi oti ndisunge ndilibenso."

Amuna onse anazyolika. Chimbudzi chinamangidwa chaka chomwecho mbali ya azimayi, chosakiya, ndipo benchi lija linadzaza.

Payasam anapitiriza kuphika, Jincy akulawa. Chikho choyamba ankachilandira ndi manja awiri, n'kuchipsompsona, n'kupatsira wapafupi. M'mimba munakhazikika patapita zaka ziwiri, koma kutsogolo sanabwererekonso.

Anamwalira mwamtendere masana a Lachitatu, atachita nawo Misa m'mawa, korona ili m'manja. Anali ndi zaka makumi asanu ndi awiri ndi zinayi. Pa Misa ya maliro, Bambo Mfumu anapempha azimayi a pa benchi lija kuti asendere kutsogolo, pafupi ndi bokosi. Palibe anasuntha. Mayi Kochuthresia anagwira pa malo opanda munthu pambali pawo.

"Pepani Bambo," anatero, "ife tikhala konkuno. Malo a Aleyamma ndi ano."