Foni Yozondoka ya Agogo Shen

Ndikakumbukira Agogo Shen, mphuno zanga zimadzaza fungo la adyo wokazinga, lomwe linkadutsa pamwamba pa pulayiwudi yogawa nyumba yomwe tinkakhala ku Bin Omran, mumzinda wa Doha, n'kukakamira m'mipango ya amayi. Anali Mtchaina wachikulire wokhala kuseri kwa pulayiwudiyo, wophikira anthu omanga nyumba, ndipo ankatsokomola ngati jenereta yokana kulira. Amayi ankadandaula za fungolo tsiku ndi tsiku, koma mbale ya masamba ikabwera kuchokera kwa Agogo sankaibweza.

Chaka chomwe anthu a ku Iguputo anadzaza m'misewu kuti mtsogoleri wawo achoke, Agogo anayamba kubwera kwathu akaweruka, poti TV inali kwathu kokha. Manja awo ankanjenjemera, choncho ine, kamtsikana ka kupulayimale, ndinkawagwirira foni n'kumajambula khamu lija pa TV. Ankandiuza kuti ndiizondotse, mitu ya anthu iloze pansi.

"Kwathu makina a boma amafufuta zithunzi zotere," anatero m'Chingelezi chawo chothyokathyoka. "Zikazondoka amachedwa kuzizindikira."

Ankazitumiza kwa Lan, mwana wawo mmodzi yekhayo, yemwe ankaphunzira kuyunivesite kwawo, iye n'kuziika pa intaneti. Agogo ankandimasulira mayankho. Ena ankangoika kachithunzi ka kandulo, ena ankafunsa kuti nanga ife liti, ena ankatukwana kuti n'chisokonezo chokhachokha. Tiyi asanazizire, zonse zinkakhala zitafufutidwa. Agogo ankangoseka n'kunena kuti, "Jambula china." Ine kukoma mtima, kudziona ngati munthu wamkulu.

"Yalla, fulumira Asiyatu, homework!" amayi ankandikalipira. "Za maboma a eni zimathetsa visa izi."

Kenako Lan anangoti zii kwa milungu ingapo. Agogo anasiya kuphika kunyumba, mpaka amayi anayamba kuwapatsira chakudya. Uthenga wa Lan utabwera, unali waufupi: asatumizenso kanthu. Patsamba la Lan panayamba kutuluka mawu otamanda boma, akuti anthu a m'misewu aja ndi zitsiru zogulidwa ndi azungu, akutinso achikulire ena okhala kunja akusocheretsa ana awo.

Agogo anatiwerengera mawuwo ataima pakhomo pathu, n'kufunsa amayi kuti, "Mama, inu muli ndi mwana. Wolemba izi akuopa, kapena akukhulupirira?"

Amayi, omwe sankasowa choyankha ngakhale kwa madamu a kuntchito kwawo, anangozyolika. "Wallah, ndikulumbira, Agogo, sindikudziwa. Muimbireni mumufunse."

"Ndikaimba, pa foni sitikhala awiri tokha."

Ankaimbabe. Ndinkawamva kuseri kwa pulayiwudi, ndipo akamaliza ankatiuza kuti akambirana za kuzizira ndi za chakudya, mwana akuyankha mwaulemu ngati wolandira alendo pahotelo. Kontilakiti yawo itatha, amayi anawalimbitsa mtima kuti akafika kwawo akamufunse Lan maso ndi maso. Agogo anapukusa mutu. Ngati akuopa, funsolo likamuika m'mavuto. Ngati akukhulupirira, likawaika iwo m'mavuto. Ananyamuka, ndipo sitinamvenso za iwo.

Lero ndine mayi, ndikadali ku Doha konkuno, ndipo nkhaniyi imandiwawabe. Maboma amagwa, ena amadzuka oipa kuposa oyamba, zimenezo ndinazolowera. Chimene sindinazolowere ndi chithunzi chomwe chimandibwerera ndikamadya ndi ana anga: nkhalamba ili patebulo kwawo, ikugawira mwana wake ndiwo, ikumufunsa ngati mchere wakwana, chifukwa ndi funso lokhalo lomwe latsala.