Mmawa Umene Anyani Sanandithawe

Chaka chimene bambo a kunyumba kwanga anamwalira, chimanga ndinalinda ndekha. Munda wathu uli kutali ndi mudzi, kuseri kwa phiri, mbali ya ku Nsadzo. Ana anali atabalalika kale, wina ku Tete, wina anawoloka malire pa Kasakatiza osabwereranso. Ndinkakhala pa nsanja tsiku lathunthu ndi chitini chogogoda ndi mulu wa miyala. Oyankhula nawo anali anyani basi, ndipo kuyankhula kwake kunali kutukwanizana.

Mmawa wina ndikuti ndikatunge madzi kukhwawa, ndinamva anyani akukuwa kumusi, komwe kunali chimanga chokhwima bwino. Ndinataya ndowa, nkutola miyala, liwiro kulunjika komweko. Chimanga chimenecho ndiye chinali chakudya changa cha chaka chonse.

Ndinawapeza onse ali m'mitengo. Chimkulu chawo, chong'ambika khutu, chinali pamwamba penipeni.

"Iwe mbala iwe, lero wakhuta eti? Tsika ndikuone!"

Sichinandiyang'ane nkomwe. Aakazi anali atakumbatira ana awo, onse maso ali ku bango. Apa m'pamene ndinaima. Zaka zonsezi ndikudziwa kuti nyani wakuba sachita phokoso, amalowa mwakachetechete. Nanga ine ndimathamangira chiyani?

Ndinabwerera chafutambuyo, pang'onopang'ono, mpaka pa chulu. Bango linagwedezeka. Inatuluka njati, yokhayokha, waya wa msampha utadya mwendo wakutsogolo, ntchentche zili ng'waa. Inaima pa kanjira kanga komwe ka kumadzi, nkumanunkhiza mphepo.

Tsiku limenelo ndinakhala pa nsanja ndi ludzu mpaka dzuwa kupendeka. Anyani atatsika m'mitengo nkuyamba kusakana nsabwe, ndiye inenso ndinatsika.

Kumudzi ndinabwereka telefoni kwa mpongozi wa achemwali anga, ndinaimbira mwana wanga wa ku Tete uja.

"Koma simunavulale, amayi?"

"Ayi, mwanangu, koma tamvera mmene zinayendera…"

"Ndili pa serviso, amayi, ntchito yandichuluka. Mukauze afisikali, oyang'anira nyama zakutchire aja. Ndiimba Lamulungu."

Nkhaniyo inanditsalira m'kamwa.

M'mawa mwake ndinathyola chimanga chisanu, chachikuluchikulu, ndinakaika pa mwala m'mphepete mwa munda. Ndinaima ndithu nkuwomba m'manja. "Zikomo, akuluakulu."

Anatenga chisanucho. Masana ndikusinza, anabweranso mwakachetechete nkumaliza mizere iwiri. Ndinawaona akuchoka, koma mwala sindinaponye.