Tinsalu tofiira timene ndinamasula kuphiri

Muli bwanji nonse. Ine mutu waima.

Dzana atate anapeza tinsalu tofiira tomangidwa m'mitengo, kuchokera kumunda kwathu mpaka kuphiri. Anati ndi anthu ofuna kulanda malo, nandituma kuti ndimasule tonse. Ndinamasula. Inu a masukulu munali kuti kuti mutiuze zina?

Lero m'mawa kwatulukira mayi wina ali ndi nambala pachifuwa, milomo itauma gwa. Akuti ali pa mpikisano wothamanga m'mapiri kuyambira dzulo, ndipo tinsaluto ndi timene timawasonyeza njira. Atavula nsapato, chikhadabo cha chala chachikulu chatsalira m'sokosi. Iwo n'kumaseka! Ndawafunsa kuti, "Amayi, akukuthamangitsani ndani?" Akuti palibe, amangokonda. Mpaka pano sindikumvetsa.

Vuto ndi ili: akuti mnzawo amene amathamanga naye sanaoneke, ndipo pamphambano pamene ndinamasula tinsalu, njira inayo imalowera ku Mozambique. Tinsalu tili m'thumba kuseri kwa nkhokwe, ndipo atate akuti ndikhale chete.

Pamene wasokerera ndikupadziwa, koma ndikapita kukamufuna andifunsa kuti ndadziwa bwanji. Ndipite kapena ndimvere atate? Yankhani msanga, dzuwa likukwera ndipo kumeneko kulibe madzi.