Anandisiyira mpando wa pawindo

Chinayamba ndi kuyabwa pakhosi, Lachinayi m'mawa, ndikuyanika usipa pathandala kwathu ku Nkhudzi. Ndinkayesa fumbi la paulendo, pakuti tinali titangobwera kumene kuchokera ku Joni kokaona mdzukulu. Mwana wathu Yohane anakana kuti tikwere basi, anatigulira matikiti a ndege.

M'ndegemo anatikhazika motalikirana. Amuna anga, bambo a Yohane, anapeza mpando wa pawindo kutsogolo. Ine pakati, moyandikana ndi mkulu wina amene ankatsokomola osalekeza. Mtsikana wogwira ntchito m'ndege anandinong'oneza kuti kumbuyo kuli mipando yopanda anthu. Ndinakana. Kwathu wodwala sathawidwa, ndipo kuvala masiki pamaso pa munthu wamkulu ndinaona ngati ndi mwano. Mkuluyo atawodzera n'kutsamira paphewa panga, bambo a Yohane anatulukira. Imvi zinali mbuu, koma nsanje yawo inali isanakalambe. Anati ndipite kuwindo ndikaone mitambo, iwo akhala pamenepo. Ulendo wonse wotsalawo chifuwa chija chinkathera kumaso kwawo.

Loweruka thupi linatentha, mafupa akuphwanya. Ndinamwa mandimu, ndinadzifukiza ndi masamba a bulugamu, osasintha. Bambo a Yohane nawonso anali akutsokomola, koma unali mdima wa mwezi, usipa ukufa, ndiye anapitabe kunyanja ndi khoka lawo la chilimira. Ankati chimfine sichigoneka msodzi.

Lachiwiri mpweya unayamba kundiperewera. Mchemwali wanga anandikweza njinga yamoto mpaka kuchipatala. Tinadikira pabenchi mpaka dzuwa kupendeka. Namwino anandipana chala ndi kachipangizo koyezera mpweya, dokotala anamvetsera pamsana n'kunena kuti ndi chibayo. Anandigoneka pabedi la pawindo, kapaipi ka mpweya m'mphuno, jakisoni m'mawa ndi madzulo.

Bambo a Yohane anabwera kudzandiona, naima panja pawindo lomwelo. Namwino atamva mmene ankapumira anati, "Bambo, lowani tikuyezeni, simuli bwino." Iwo anaseka, nati abwera mwezi ukawala, usipa ukaleka kufa.

Anabwera nawo Lachisanu, atanyamulidwa ndi anzawo a m'boti. Dokotala anandiuza mosabisa kuti mapapo onse awiri agwidwa, ndipo afika mochedwa. Wodi ya amuna inali pafupi, koma miyendo yanga sinkatha kundifikitsako. Ndinkangotuma mchemwali wanga kukawauza kuti ndikupeza bwino. Lamulungu m'mawa anabwerako, nakhala pansi pafupi ndi bedi langa. Ndinadziwa kuti atisiya.

Kumaliro sindinapiteko. Galimoto yonyamula thupi lawo ndinaiona ikutuluka pageti, ine ndili pawindo, kapaipi kali m'mphuno. Chimenechi chimandipweteka kuposa matenda aja.

Ndinatuluka patapita milungu ingapo. Lero ndikupuma bwino ndipo ndinabwerera pathandala, kungoti mwera ukawomba chifuwa chimandithina ndipo beseni lodzaza sindisenzanso.

Inu oyenda maulendo, kaya ndi pandege kaya pabasi, wina akamatsokomola pafupi valani masiki, ndipo mukapatsidwa mpando wina musachite manyazi, sunthani. Si kunyoza wodwala ayi. Chifuwa chikabwera ndi kutentha thupi ndi kubanika, thamangirani kuchipatala msanga, musadikire mwezi. Mwezi umene bambo a Yohane ankaudikira unawala ndithu, unawapeza ali m'manda.