Ndinkawabisira Mphepo

Ine ndinabadwira ku Dedza, kumapiri, ndipo bwato sindinalikwerepo. Madzi ndimawadziwa ali m'ndowa. Koma kuno kumayiko a azungu, kampani yathu yosamalira okalamba inasankha ineyo kuti ndizikayang'anira bambo ena a ku Holland okhala ku Oakville, amene moyo wawo wonse ankadyera mpikisano wa mabwato oyendera mphepo.

Ndinkanyamuka ku Oshawa, kumene ndinkakhala, m'mamawa, kukwera sitima, kenako basi. Nyumba yawo inali m'mbali mwa nyanja, koma chipinda chimene anawagoneka atadwala sitiroko chinayang'ana kumsewu. Zenera loonera nyanja linali pabalaza. Mwana wawo wamkazi anandiuza tsiku loyamba kuti pakutha pa mwezi kubwera nesi kudzawayesa. Akadzapezeka kuti sangayende ngakhale kufika pabalazapo, adzawapititsa kunyumba yosungirako okalamba, ndipo nyumbayi idzagulitsidwa. Madokotala ankati miyendo ikhoza kuyenda, koma eniake sankafuna kudzuka.

Za ntchito yawo ndinkazimva pang'onopang'ono powameta ndevu. Anayamba ali mwana, pa kabwato kakang'ono m'ngalande za kwawo. Atakula, makampani ankawalipira kuti mayina a makampaniwo alembedwe pa thanga, chinsalu chachikulu chokola mphepo chija. Anawoloka nyanja zikuluzikulu, kugona mosinthana ndi anzawo, zovala zili chinyowere, zala mpaka kupindika ndi zingwe. Mamendulo awo anali m'katoni ya nsapato pamodzi ndi masokosi. Ndinawafunsa kuti akafika kumene ankathamangirako ankatengako chiyani. Anati palibe, ankangotembenuka n'kubwerera. Ndinangoti chabwino. Kwathu munthu akapita panyanja n'kubwerako wopanda nsomba amafunsidwa mafunso.

M'mawa uliwonse, ndisanavule n'komwe jekete, funso lawo linali limodzi: mphepo ikuchokera kuti, ndipo yakula bwanji? Tsono ine ndinaleredwa bwino. Wodwala sumuuza zoipa. Ngakhale denga la nkhokwe litasasuka, umamuuza kuti kunja kuli bwino. Choncho ndinkayankha kuti kuli zii, nyanja ili bata, asadandaule. Ndinanena zomwezo ngakhale tsiku limene mphepo inandithyolera ambulera pasiteshoni. Iwo ankangogwedeza mutu n'kutembenukira kukhoma. Phala ankangolilawa. Chitsulo choyendera chimene anawapatsa kuchipatala chinasanduka choyanikapo thaulo.

Ndinamudandaulira mnzanga wa ku Chipata amene tinkakwera naye sitima. "Asisi, client akakana kudzuka mungolemba mu report, musadzipatse stress," anatero. Ndinalembadi, koma mtima unkandipweteka. Bambowo ndinali nditawazolowera, ndipo sindinkafuna kuti akathere m'kachipinda koyang'ana poimika magalimoto.

Kutatsala masiku asanu kuti nesi abwere, ndinafika nditakwiya. Sitima inachedwa, ndipo mphepo inandivula duku pamaso pa anthu, mpaka ndinalithamangitsa mumsewu ngati nkhuku yodula chingwe. Pamene ankandifunsa funso lawo lija, ulemu unali utandithera.

"Bambo, kuli chimphepo choipa. Mbendera ya pasiteshoni yawongoka ngati thabwa, ndipo mafunde achita thovu."

Sanatembenukire kukhoma. Anafunsa ngati thovulo lili ponseponse kapena apo ndi apo. Ndinati sindinawerenge. Anafunsa kumene mbendera ikuloza, ine ndinaloza ndi dzanja. Anati sizingatheke, mphepo yochokera kumeneko siutsa mafunde otero pagombe lino. Ndinati ine ndanena zimene ndaona. Kenako anati ndichotse thaulo pachitsulo paja.

Ulendo wochoka pabedi kufika pabalaza unatitengera nthawi yokwanira kuphika nyemba. Ndinawagwira lamba kumbuyo, iwo akutukwana m'chinenero chawo, mwendo wakumanzere ukukwekwereka. Atafika pazenera anaima duu, akupumira m'mwamba. Nyanja inali yotuwa, yotakasuka. Choyamba anandiuza kuti ndinaloza molakwika. Kenako anafunsa ngati masabata atatu onsewa kunalibedi mphepo.

Ndinaulula. Ndinati inalipo, masiku ena yoposa iyi, koma kwathu wodwala timamuuza zabwino zokhazokha.

"Mayi, kwa ife bata ndiye nkhani yoipa," anatero. "Kukakhala bata sutuluka. Umagona n'kumadikira mphepo. Ine ndimadikira."

Ndinachita manyazi kwambiri. Ulemu wanga ndi umene unawagoneka bambowo masabata atatu, ine n'kumalemba m'lipoti kuti akukana kudzuka.

Kuyambira tsiku limenelo ankandifunsabe funso lija, ine n'kuyankha zoona, koma sankandikhulupiriranso. Ndikangomaliza kuyankha ankaitanitsa chitsulo chawo kuti akatsimikize. Tsiku lachitatu anadya phala lonse ali pazenera, akundiphunzitsa kuona mphepo pa makwinya a madzi. Sindinaphunzire.

Nesi atabwera, mwana wawo ali pomwepo, bambowo anayenda kuchoka kuchipinda kufika pabalaza ine osawagwira. Nesi analemba kuti akhoza kukhalabe pakhomo pawo. Potseka faelo anawafunsa chimene chawadzutsa patapita nthawi yonseyi.

"Mayi awa ndi abodza," anayankha, osaseka. "Ndimayenera kukaona ndekha."

Nesi anandiyang'ana, ine ndinavomera kuti n'zoona. Kenako ndinapita kukhitchini kukateleka ketulo, ndipo ndinalira mpaka madzi anawira.